Kalondolondo wa mvula pa zilumba: momwe chilala chimadziwikira njala isanafike

Pakati pa mwezi wa Julayi 2019 ndi Juni 2021, dera la kum'mwera kwa chilumba cha Madagascar lidangolandira magawo pafupifupi 60 mwa magawo 100 alionse a mvula yomwe limalandira nthawi zonse, ndipo pofika Meyi 2021 anthu oposa 1.1 miliyoni a m'derali ankafunika thandizo la chakudya mwamsanga.

Mwa anthuwa, pafupifupi 14,000 adali atafika pa mlingo wotsiriza wa njala, pomwe banja limakhala litagulitsa ziweto, ziwiya ndi zipangizo zaulimi, ndipo lilibenso podalira. Chilalachi chidali choopsa kwambiri m'derali pa zaka pafupifupi 40.

Chomwe chimakhudza kwambiri ogwira ntchito m'boma pa nkhaniyi n'chakuti tsokali silidabwere mwadzidzidzi. Mosiyana ndi namondwe yemwe amagwetsa nyumba usiku umodzi, chilala chimayenda pang'onopang'ono, ndipo chimaonekera m'mabuku a oyeza mvula miyezi ingapo nkhokwe zisanayambe kuuma. Choncho funso lalikulu limakhala la momwe kuperewera kwa mvula kumayezedwera, komanso zomwe boma limachita ziwerengerozo zikafika pa tebulo.

Chifukwa chomwe zilumba zili pa chiopsezo chachikulu

Anthu ambiri amaganiza kuti dziko lozunguliridwa ndi nyanja silingasowe mvula, koma mbiri ikuonetsa kuti zilumba za m'madera otentha ndi ena mwa malo omwe chilala chimapweteka msanga.

Chifukwa choyamba ndi mapiri. Pa zilumba zambiri mphepo yobweretsa chinyontho imachokera mbali imodzi, ndipo ikaomba mapiri imakhuthula mvula yonse mbali yomweyo, n'kutsikira mbali inayo itauma. Ku Madagascar, mzinda wa Toamasina womwe uli kum'mawa umalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pa chaka, pamene mzinda wa Toliara kum'mwera chakumadzulo sulandira mamilimita okwana 400. Poyerekeza, mzinda wa Lilongwe umalandira mamilimita apakati pa 800 ndi 900.

Kusiyana kotereku kumapezekanso pa zilumba zing'onozing'ono. Chilumba cha Mauritius n'chotalika makilomita pafupifupi 65 okha, koma kumapiri apakati pake kumagwa mvula yofika mamilimita 4,000 pa chaka, pomwe kugombe la kumadzulo mvula sikwana mamilimita 1,000. Izi zikutanthauza kuti chiwerengero chimodzi cha mvula ya dziko lonse chingathe kubisa chilala chomwe chikusautsa boma limodzi.

Chifukwa chachiwiri ndi kuchepa kwa malo osungamo madzi. Maiko monga Tuvalu, Kiribati ndi Marshall Islands m'nyanja ya Pacific ali pa tizilumba tathyathyathya ta mchenga, topanda mitsinje. Madzi akumwa amachokera pa madenga a nyumba komanso m'kadziwe kapansi pa nthaka komwe kamayandama pamwamba pa madzi amchere. Mvula ikadula kwa miyezi ingapo, kadziweko kamaphwa, mchere umalowa m'zitsime ndi m'minda, ndipo mbewu za m'madimba ndi mitengo yazipatso zimayamba kufota.

Chifukwa chachitatu ndi mtunda. Dziko la kumtunda likaperewera chakudya limatha kutumiza magalimoto kwa oyandikana nalo, koma chilumba chimadikira sitima yapamadzi. Kuitanitsa chakudya, kuchinyamula ndi kuchigawa ku tizilumba takutali kumatenga masabata ambiri, kotero chenjezo lochedwa limakhala ndi mtengo wokwera kwambiri.

Momwe kuperewera kwa mvula kumayezedwera

Maziko a ntchito yonseyi ndi chipangizo choyezera mvula, chomwe chimawerengedwa m'mawa uliwonse pa nthawi yofanana. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kapena kuti malita 10,000 pa hekitala imodzi.

Chiwerengero cha tsiku limodzi pachokha sichinena zambiri. Akatswiri amachiyerekeza ndi mvula yomwe malo omwewo akhala akulandira pa zaka 30, monga momwe bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la WMO limalangizira. Pakadali pano zaka zoyerekezera ndi zoyambira 1991 kulekeza 2020. Mwachitsanzo, ngati dera limalandira mamilimita 300 pakati pa Disembala ndi Febuluwale koma chaka china lalandira 180, ndiye kuti mvula yaperewera ndi mamilimita 120, omwe ndi magawo 40 mwa 100 alionse.

Pa nkhani zaulimi, mwezi umagawidwa patatu, chigawo chilichonse cha masiku pafupifupi khumi, kaamba koti mbewu ingathe kufa ndi ng'amba ya masabata awiri kapena atatu ngakhale mvula ya mwezi wonse itaoneka yokwanira. N'chifukwa chake nthambi zambiri zoona zanyengo mu Africa, kuphatikizapo ya dziko lino, zimatulutsa malipoti a mvula ndi ulimi masiku khumi alionse nthawi ya dzinja.

Vuto la kuwerenga ndi magawo pa 100 n'lakuti silionetsa ngati kupereweraku n'kwachilendo. Kudera komwe mvula imasinthasintha chaka ndi chaka, kutsika ndi magawo 30 n'chinthu chozolowereka, pamene kudera lina kutsika komweko kumachitika kamodzi pa moyo wa munthu.

Pofuna kuthana ndi vutoli, m'chaka cha 1993 akatswiri atatu a pa sukulu ya ukachenjede ya Colorado State ku America, a Thomas McKee, a Nolan Doesken ndi a John Kleist, adakonza mlingo wotchedwa SPI. Mlingowu umayerekeza mvula ya nyengo ino ndi mbiri yonse ya malo omwewo, n'kupereka nambala imodzi. Nambala ikafika pa -1 ndiye kuti chilala chayamba kuluma, ikafika pa -1.5 chafika poopsa, ndipo ikafika pa -2 ndi chilala chomwe chimabwera pafupifupi kamodzi pa zaka 50. M'chaka cha 2009 akatswiri a zanyengo a maiko osiyanasiyana adagwirizana pa msonkhano wa ku Lincoln, m'dziko la America, kuti mlingowu uzigwiritsidwa ntchito paliponse.

Mlingo wa SPI umawerengedwa pa miyezi yosiyanasiyana malinga ndi chomwe munthu akufuna kudziwa. Wa mwezi umodzi mpaka itatu umafotokoza za chinyontho cha m'nthaka ndi mbewu za kumunda. Wa miyezi isanu ndi umodzi mpaka 12 umafotokoza za mitsinje, madamu ndi zitsime. Mkulu wa zaulimi ndi mkulu wa zamadzi angathe kuona zinthu mosiyana pa tsiku limodzi, onse akunena zoona, kaamba koti mvula ya sabata ziwiri imatsitsimutsa mbewu koma siidzaza damu.

Ntchito ya masetilaiti ndi malire ake

Zipangizo zoyezera mvula ndi zochepa m'maiko ambiri osauka, ndipo zina zidasiya kugwira ntchito kaamba kosowa ozisamalira. Mpatawu umatsekedwa ndi makina a m'mlengalenga otchedwa setilaiti, omwe amayeza kuzizira kwa pamwamba pa mitambo. Mtambo wautali ndi wozizira kwambiri nthawi zambiri umakhala wa mvula, choncho makinawa amayerekeza kuchuluka kwa mvula poona nthawi yomwe mitambo yotereyi yakhala pamwamba pa dera.

Imodzi mwa nkhokwe za ziwerengero zomwe zimagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi CHIRPS, yokonzedwa ndi akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya California ku Santa Barbara. Nkhokweyi imaphatikiza zomwe masetilaiti aona ndi zomwe zipangizo zapansi zayeza, ndipo mbiri yake imayambira m'chaka cha 1981. Nthambi yoona zanyengo ya Madagascar nayo idagwira ntchito yophatikiza ziwerengero zake ndi za masetilaiti mothandizana ndi akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Columbia ku New York.

Komabe pa zilumba makinawa ali ndi zofooka ziwiri. Choyamba, CHIRPS imagawa dziko m'timabokosi ta makilomita pafupifupi asanu mbali iliyonse. Chilumba cha Likoma, chomwe ndi cha masikweya kilomita 18, n'chochepa kuposa kabokosi kamodzi, ndipo mtunda wonse wa dziko la Tuvalu ndi masikweya kilomita 26 okha, omwazikana pa tizilumba tambiri. Pa malo otere, zomwe setilaiti ikuona kwambiri ndi nyanja.

Chachiwiri, mvula yambiri ya pa zilumba imachokera ku mitambo yapafupi ndi nthaka yomwe imakwera m'mapiri, ndipo mitambo yotereyi sikhala yozizira kwambiri. Makina oyeza kuzizira kwa mitambo amaichepetsa mvula imeneyi kapena kuiphonya kumene. N'chifukwa chake munthu wowerenga chipangizo pa sukulu, pa ofesi ya zaulimi kapena pa bwalo la ndege akadali wofunika, pakuti ziwerengero zake ndizo zimawongola zomwe makina alakwitsa.

Kuchoka pa mvula kufika pa mbewu

Kudziwa kuti mvula yachepa sikokwanira kunena kuti zokolola zichepa bwanji. Malinga ndi bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO, chimanga chimafuna madzi okwana mamilimita apakati pa 500 ndi 800 kuti chibereke bwino, koma madziwo safunika mofanana nthawi zonse. Chimanga chikangomera chimafuna ochepa, pamene nthawi yomasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu chimafuna ambiri. Ng'amba ya masiku khumi pa nthawi imeneyi imaononga zokolola kuposa ng'amba yotalikirapo kumayambiriro kapena kumapeto kwa nyengo.

Pofuna kuwerengera zimenezi, akatswiri a FAO adakonza m'zaka za m'ma 1970 mlingo womwe lero umadziwika kuti WRSI. Masiku khumi alionse, mlingowu umayerekeza madzi omwe mbewu ikufuna pa msinkhu womwe yafika ndi madzi omwe alipo kuchokera ku mvula ndi m'nthaka, utachotsera omwe auma ndi dzuwa ndi mphepo. Ukakhala pa 100 ndiye kuti mbewu siidasowe madzi, ndipo ukatsika kupitirira 50 amaganiziridwa kuti mbewuyo yakanika.

Kawerengedweka kamayamba pa tsiku lobzala. Akatswiri ambiri amati nyengo yayamba ngati pa masiku khumi pagwa mvula yosachepera mamilimita 25, yotsatiridwa ndi mamilimita 20 pa masiku 20 otsatira. Lamuloli cholinga chake n'kusiyanitsa mvula yeniyeni yobzalira ndi mvula yonyenga, yomwe imameretsa mbewu kenaka n'kuzisiya zikupsa ndi dzuwa.

Masetilaiti amayezanso kubiriwira kwa zomera, ndipo bungwe la FAO limatulutsa mapu oonetsa gawo la minda lomwe likuvutika ndi chilala masiku khumi alionse. Koma chipangizo chilichonse chimayenda bwino pokhapokha chitauzidwa zoona za kumunda, monga mtundu wa mbewu, tsiku lomwe alimi abzala ndi mtundu wa nthaka.

Dziko la Malawi lidaphunzira zimenezi movutikira. M'nyengo ya ulimi ya 2015/16 boma lidagula inshulansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe lomwe African Union idakhazikitsa m'chaka cha 2012. Chilala chitagwa, makina a bungweli adaonetsa kuti anthu okhudzidwa adali pafupifupi 21,000 okha, pomwe kafukufuku wa m'midzi adapeza kuti anthu 6.5 miliyoni ankafunika chakudya. Kafukufuku wotsatira adapeza kuti makinawo ankawerengera chimanga chocha pa masiku 120 mpaka 140, pamene alimi ambiri adabzala chocha pa masiku 90. Atakonza cholakwikacho, dziko lino lidalandira ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni a ku America mu Januwale 2017, njala itafika kale m'midzi.

Phunziro limeneli ndi lofunika kwambiri pa zilumba, komwe mlimi mmodzi amalima mbewu zosiyanasiyana monga mpunga, chinangwa, mbatata, nthochi ndi nzimbe, zomwe zimapirira ng'amba mosiyana.

Kulosera nyengo isanayambe

Kalondolondo amanena zomwe zachitika, pomwe ulosi umanena zomwe zingachitike. Chizindikiro chachikulu chomwe olosera amayang'ana ndi kutentha kwa madzi apakati pa nyanja ya Pacific. Madziwa akatentha kuposa nthawi zonse ndi theka la digiri kapena kupitirira kwa miyezi ingapo, nyengoyo imatchedwa El Niño, ndipo akazizira imatchedwa La Niña.

Nyengo ziwirizi zimakhudza zilumba mosiyana. El Niño wa 1997/98 ndi wa 2015/16 adabweretsa chilala ndi chisanu chomwe chidaononga mbatata kumapiri a Papua New Guinea, ndipo mu Febuluwale 2016 boma la Marshall Islands lidalengeza kuti dzikolo lili pa ngozi kaamba kosowa madzi. Koma chilala chomwe chidachititsa boma la Tuvalu kulengeza za ngozi mu Sepitembala 2011, mpaka maiko a New Zealand ndi Australia kutumiza pa ndege makina ochotsa mchere m'madzi, chidabwera ndi La Niña. Chimodzimodzinso chilala cha ku Kiribati cha m'chaka cha 2022.

Kuchigawo chino cha Africa, maiko a m'bungwe la SADC adakhazikitsa likulu lolondoloza chilala ku Harare m'chaka cha 1990, lomwe pano lili ku Gaborone, m'dziko la Botswana. Kuyambira m'chaka cha 1997, akatswiri a zanyengo a m'maikowa amakumana dzinja lisanayambe pa msonkhano wa SARCOF kuti agwirizane za ulosi wa mvula. Zilumba zinayi za m'nyanja ya India, zomwe ndi Mauritius, Seychelles, Madagascar ndi Comoros, ndi mamembala a SADC, choncho ulosiwu umazikhudzanso.

Chofunika kumvetsa n'chakuti ulosi wa nyengo umanena za mwayi, osati lonjezo. Umagawa mvula patatu, yochepa, yapakatikati ndi yochuluka, n'kupereka mwayi wa gawo lililonse. Ulosi ukanena kuti mwayi wa mvula yochepa ndi magawo 40 mwa 100, ndiye kuti chiopsezo chakwera, koma mvula yabwino ingathe kugwabe. Mkulu wa boma amayenera kukonzekera molingana ndi chiopsezocho, n'kumasintha ndondomeko pamene malipoti a masiku khumi akubwera.

Zomwe zidachitika kum'mwera kwa Madagascar

Madagascar ndi chilumba chachinayi pa kukula pa dziko lonse. Ndi chachikulu pafupifupi kasanu kuposa Malawi, ndipo chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera kugombe la Mozambique. Dzinja la kumeneko limayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Malichi kapena Epulo, monga kuno.

Dera la kum'mwera, lomwe lili ndi zigawo za Androy, Anosy ndi Atsimo-Andrefana, ndilo louma kwambiri. Anthu ake amalima chimanga, chinangwa, mbatata ndi mbewu za mtundu wa nyemba modalira mvula, ndipo chuma chawo amachisunga mu ng'ombe za linunda ndi mbuzi. Njala yobwerezabwereza ya kumeneko ili ndi dzina lake m'chinenero chawo, kere.

Kere si wachilendo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, tizilombo tidapha chomera chaminga chotchedwa raketa, chomwe anthu ndi ziweto ankadalira pa chakudya ndi madzi nthawi ya chilala, ndipo njala yaikulu idatsatira. Chilala china choopsa chidagwa pakati pa 1990 ndi 1992, nthawi yomwenso maiko ambiri a kum'mwera kwa Africa adavutika. El Niño wa 2015/16 adasiya anthu pafupifupi 850,000 a m'derali pa njala yaikulu.

Chilala cha 2019 mpaka 2021 chidapeza mabanja asanachire ku mavuto a m'mbuyowa. Chidabweranso popanda El Niño, ndipo nyengo yake yachiwiri idali ya La Niña, yomwe nthawi zambiri imabweretsa mvula yambiri kum'mwera kwa Africa. Izi zikuonetsa kuti kudalira chizindikiro chimodzi n'koopsa, pakuti kutentha kwa madzi a m'nyanja ya India nakonso kumasintha njira ya mvula.

Pamwamba pa kusowa kwa mvula padabwera mavuto ena. Mphepo yamchenga wofiira yotchedwa tiomena idakwirira minda ndi mbewu zomwe zidamera, mbozi ndi dzombe zidadya zotsala, ndipo malamulo oletsa kuyenda kaamba ka mliri wa Covid-19 adatseka njira za amuna omwe amapita kukagwira ganyu kumadera ena. M'maboma a Amboasary ndi Ambovombe mabanja adafika podya zipatso zosapsa za raketa, masamba a m'tchire, dzombe ndi bwemba wosakaniza ndi dothi loyera.

Kukula kwa njalayi kudayezedwa ndi ndondomeko ya IPC, yomwe idayambira ku Somalia m'chaka cha 2004 ndipo dziko lino limaigwiritsanso ntchito. Ndondomekoyi ili ndi magawo asanu, kuyambira pomwe banja lili ndi chakudya chokwanira mpaka pomwe anthu akufa ndi njala. Imaphatikiza ziwerengero za mvula ndi zokolola, mitengo ya pamsika, kadyedwe ka mabanja ndi chiwerengero cha ana onyentchera. Chaka cha 2021 kadali koyamba kuti anthu a ku Madagascar apezeke m'gawo lachisanu chiyambire kugwiritsa ntchito ndondomekoyi m'dzikomo m'chaka cha 2016.

Akuluakulu ena a mabungwe othandiza adanena pa nthawiyo kuti njalayi idadza ndi kusintha kwa nyengo. Koma mu Disembala 2021 gulu la akatswiri la World Weather Attribution lidapeza kuti kuchepa kwa mvulako, ngakhale kudali kwa mtundu womwe umachitika pafupifupi kamodzi pa zaka 135, kudali m'kati mwa kusinthasintha kwachilengedwe kwa mvula ya m'deralo. Akatswiriwo adaloza chala umphawi, misewu yoipa ndi kudalira ulimi wa mvula kuti ndizo zidasandutsa chilala kukhala njala.

Mfundo imeneyi ikutsimikizidwa ndi mbiri ya Cabo Verde, dziko la zilumba lomwe lili kumadzulo kwa Senegal. M'zaka za m'ma 1940 chilala chidapha anthu zikwizikwi kumeneko. M'chaka cha 2017 mvula idakananso ndipo chimanga chidalephereratu, koma imfa za njala ngati zakale sizidachitike, kaamba koti dzikolo limaitanitsa chakudya kunja pa nthawi yake, limachotsa mchere m'madzi a m'nyanja, komanso lili ndi ndondomeko zothandizira alimi ndi oweta ziweto.

Chenjezo lisanduke ntchito

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Njira yomwe maiko ndi mabungwe ambiri akutsata tsopano ndi yogwirizaniratu, dzinja lisanayambe, za chizindikiro chomwe chikaoneka ndalama zituluke popanda kudikira misonkhano ina. Chizindikirocho chingathe kukhala mlingo wa SPI kufika pa -1 m'miyezi yobzala, kapena ulosi woonetsa kuti mwayi wa chilala wapitirira mlingo womwe adagwirizana.

Ntchito zomwe zimatsatira zimakhala zodziwikiratu: kugawa mbewu zocha msanga ndi zopirira ng'amba monga mapira, mbatata ndi chinangwa, kukonza mijigo ndi zitsime madzi asanaphwe, kutemera ziweto, kupereka ndalama kwa mabanja osauka mitengo isanakwere, komanso kuitanitsa chakudya sitima zikadali ndi nthawi yofika. Bungwe la FAO litachita zotere kum'mwera kwa Madagascar m'nyengo ya 2017/18, kafukufuku wake adapeza kuti pa dola imodzi iliyonse yomwe idalowetsedwa, mabanja adapindula madola awiri ndi theka.

Inshulansi nayo ikuthandiza. Mu Julayi 2020 boma la Madagascar lidalandira madola 2.13 miliyoni kuchokera ku African Risk Capacity kaamba ka chilala cha nyengo ya 2019/20, ngakhale ndalamazi zidali zochepa poyerekeza ndi kukula kwa vutolo. Ku Mauritius, alimi a nzimbe akhala ndi thumba la inshulansi ya namondwe ndi chilala kuyambira m'chaka cha 1946, ndipo phindu lake lidaoneka m'chaka cha 1999 pamene chilala chidatsitsa shuga wa dzikolo ndi magawo pafupifupi 40 mwa 100.

M'zigawo zina zilumba zidagwirizana kuchitira limodzi kalondolondoyu. Maiko a ku Caribbean adakhazikitsa mgwirizano wolondoloza chilala ndi mvula m'chaka cha 2009, womwe umayendetsedwa kuchokera ku Barbados. Ku Pacific, nthambi zoona zanyengo zimatulutsa chikalata cha mwezi ndi mwezi choonetsa momwe mvula ya miyezi itatu, isanu ndi umodzi ndi 12 yayendera pa chilumba chilichonse, n'kuchitumiza kwa oyang'anira ngozi zogwa mwadzidzidzi, madzi, ulimi ndi zaumoyo.

Vuto lomwe latsala ndi lodalira kwambiri thandizo lakunja. Bungwe la FEWS NET, lomwe boma la America lidakhazikitsa m'chaka cha 1985 ndipo malipoti ake amawerengedwa m'maofesi ambiri mu Africa, lidaima kwa miyezi ingapo kuyambira mu Januwale 2025 pomwe dzikolo lidaimitsa thandizo lake lakunja, lisanayambirenso ntchito m'chaka chomwecho. Kuimaku kudachitika dzinja lili pakati kum'mwera kwa Africa, ndipo kudakumbutsa maboma kuti zipangizo zoyezera mvula, anthu ozisamalira ndi akatswiri osanthula ziwerengero ziyenera kukhala m'ndondomeko ya chuma ya dziko.

M'chaka cha 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, a António Guterres, adakhazikitsa ndondomeko yoti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense pa dziko lapansi azifikiridwa ndi machenjezo a ngozi zanyengo. Madagascar, Comoros ndi Mauritius zili m'gulu la maiko 30 oyambirira omwe adasankhidwa pa ndondomekoyi.

Kwa ogwira ntchito m'maunduna a zaulimi, zamadzi, zachuma ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, zomwe zilumba zakumana nazo zikuloza ku mafunso anayi omwe ayenera kufunsidwa lipoti la mvula likafika: kodi kupereweraku n'kwachilendo motani m'dera limeneli, kwagwa pa msinkhu uti wa mbewu, alangizi a zaulimi atsimikiza zotani kumunda, ndipo ndani ali ndi mphamvu yotulutsa ndalama lero. Mafunso atatu oyambawo amayankhidwa ndi akatswiri, koma lachinayi limayankhidwa ndi boma, ndipo yankho lake liyenera kukhala litalembedwa mvula yoyamba isanagwe.